Simenti ya zotsala za kumigodi: kodi khoma lake lingapirire mvula ya ku Chiputula?

Simenti ikakwera mtengo, woyamba kumva ululu amakhala woumba mabuloko ndi mwini hadiweya. Mwini nyumba atha kuimitsa kaye ntchito mpaka mwezi utatha, koma woumba mabuloko ali ndi anyamata oyembekeza malipiro madzulo aliwonse, ndipo lendi ya malo sidikira. Chigwetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, kudzanso kusowa kwa ndalama zakunja ndi mafuta a galimoto, thumba la makilogalamu 50 lasanduka katundu wogula mtima uli m'mwamba. Ku Mzuzu vutoli limakula chifukwa cha mtunda. Fakitale ya Shayona ili ku Kasungu, makilomita oposa 200. Ya Portland ku Blantyre ndi ya Cement Products ku Mangochi zili kutali kuposa apo, ndipo simenti ina imachita kuchokera ku Tanzania kapena ku Zambia. Kilomita iliyonse imalowa mumtengo wa thumba.

N'chifukwa chake pakati pa oumba mabuloko ku Chiputula, Chibavi ndi Zolozolo nkhani ya chowonjezera mu simenti siitha. Wina amati dasiti wa kukwale amalimbitsa buloko, wina amati phulusa la malasha amiyala limagwira ngati simenti, winanso anaona pa foni kuti kunja akumanga ndi zotsala za kumigodi popanda simenti n'komwe. M'zonenazi muli choona, komanso muli msampha. Phunziro la sabata ino likusiyanitsa ziwirizi, ndipo funso lake lalikulu ndi ili: khoma lomangidwa ndi zinthu zotere lingakhale zaka zingati?

Chomata ndi chodzaza

M'buloko kapena m'konkire muli magulu awiri a zinthu. Gulu loyamba ndi lodzaza: mchenga, miyala ndi dasiti. Gulu lachiwiri ndi lomata, lomwe limagwirizanitsa zodzazazo kuti zikhale chinthu chimodzi. Simenti ili m'gulu lachiwirili, ndipo ndiyo imadya ndalama zambiri.

Dasiti wa kukwale ndi chodzaza basi. Ndi mwala wophwanyidwa, ndipo ngakhale atanyowa chaka chonse sangamate kanthu. Ubwino wake ndi woti ali ndi nsonga zogwirana bwino ndipo amatseka mipata pakati pa mchenga, choncho atha kulowa m'malo mwa gawo la mchenga n'kutulutsa buloko looneka bwino. Koma akachuluka ufa wosalala kwambiri, amamwa madzi ambiri ndipo amafuna simenti yochulukirapo kuti ikute kanjere kalikonse. Woumba amene wachotsa fosholo ya simenti n'kuikapo fosholo ya dasiti chifukwa choti zonse ndi zotuwa wachita ngati wogulitsa mkaka wothira madzi: botolo ladzaza, koma mkaka sunachuluke.

Mmene simenti imagwirira

Simenti yodziwikayi, imene Joseph Aspdin wa ku England anailembetsa m'dzina la Portland mu 1824, imapangidwa powotcha miyala ya njereza ndi dongo pa moto wa madigiri pafupifupi 1,450. Zotuluka mu uvuni ndi timibulu tolimba totchedwa clinker, tomwe amatipera limodzi ndi gypsum pang'ono. Motowo ndiwo umadulitsa simenti, ndipo ndi chifukwa chake mafakitale padziko lonse amafunafuna zinthu zochepetsera clinker m'thumba.

Anthu amati simenti yauma, koma chimene chimachitika n'choti simenti imagwirana ndi madzi n'kupanga guluu wolimba ngati mwala. Madzi akathawa msanga, ntchitoyo imaima panjira. Pogwirana chomwecho, simenti imatulutsanso laimu wotsalira m'kati mwa konkire. Apa ndi pamene zowonjezera zabwino zimalowera. Pali zinthu zina zomwe pazokha sizimata, koma zikakumana ndi laimu ameneyu pamodzi ndi madzi zimapanga guluu wina wowonjezera, amene amatseka timabowo ta m'konkire. Zinthu zotere amazitcha pozzolana, dzina lochokera ku tauni ya Pozzuoli ku Italy, kumene Aroma akale ankakumba phulusa la mapiri ophulika. Denga la nyumba ya Pantheon ku Rome, lomangidwa ndi laimu ndi phulusa lotero, laima zaka pafupifupi 1,900.

Kuti chinthu chigwire ntchito imeneyi, chiyenera kukwaniritsa mfundo ziwiri. Chikhale chosalala ngati simenti yeniyeniyo, ndipo chikhale chamoyo, kutanthauza kuti chinapsa pa moto waukulu n'kuzizira mwanjira yoti chitha kusungunuka mu laimu. Ndipo ngakhale chitakwaniritsa zonsezi, chimagwira pang'onopang'ono. Pa tsiku lachisanu ndi chiwiri buloko lake limakhala lofooka kuposa la simenti yokhayokha, ndipo limadzafika kapena kupitirira mnzakeyo pakatha mwezi kapena miyezi itatu, ngati lakhala likuthiriridwa.

Mitundu itatu ya zotsala

Mtundu woyamba ndi slag, chiphala chimene chimayandama pamwamba posungunula chitsulo mu ng'anjo zikuluzikulu. Akachiziziritsa mwadzidzidzi ndi madzi, chimasanduka ngati mchenga wagalasi, ndipo akachipera chimakhala chowonjezera chabwino koposa. Emil Langen wa ku Germany anazindikira mphamvu imeneyi mu 1862. Ku South Africa ndi ku Zimbabwe, komwe kwakhala mafakitale a zitsulo monga a ku Vanderbijlpark ndi ku Redcliff, slag wakhala akulowa m'simenti kwa zaka zambiri. Koma si slag aliyense. Wotsala poyenga kopa, monga wa pa chimulu chotchuka cha Black Mountain ku Kitwe m'dziko la Zambia, amakhala ndi chitsulo chambiri ndipo mphamvu yake yomata ndi yochepa. Wotsala popanga chitsulo cholimba cha stilo nthawi zambiri amakhala ndi timibulu ta laimu wosanyowa, tomwe timadzatupa khoma litamangidwa kale. Ku Malawi kulibe ng'anjo zosungunulira chitsulo zamtunduwu, choncho slag wabwino satoledwa m'mbali mwa msewu.

Mtundu wachiwiri ndi phulusa la malasha amiyala. Kumalo opangira magetsi monga a Eskom ku South Africa ndi Hwange ku Zimbabwe, malasha amayamba aperedwa kukhala ufa asanawotchedwe, ndipo phulusa louluka ndi utsi limagwidwa m'masefa. Phulusa limeneli ndi losalala kwambiri ndipo ndi pozzolana weniweni. Likusiyana kwambiri ndi phulusa lotsala pansi pa mabowela ang'onoang'ono amene amawotcha malasha a zibuma, monga ochokera ku migodi ya Mchenga ndi Kaziwiziwi ku Rumphi. Phulusa la pansi pa bowela limakhala lokhakhala, losakanikira ndi malasha osapsa. Malasha osapsawo amamwa madzi ngati siponji ndipo samata kanthu. Phulusa likamadetsa m'manja ngati makala, ndiye kuti muli osapsa ambiri.

Mtundu wachitatu, womwenso ndi wochuluka kuposa yonse, ndi matope ndi miyala yotsala pa mgodi akachotsa chomwe amafuna, kaya ndi kopa, golide kapena malasha. Zambiri mwa izi ndi mwala wakufa woperedwa, ngati dasiti uja. Akatswiri ali ndi njira zoudzutsira. Ena amaupera mopitirira. Ena amawotcha zotsala zokhala ndi dongo lambiri pa madigiri 700 mpaka 800 kuti zisanduke pozzolana. Ena amasakaniza ndi mankhwala aukali, soda wowotcha uja wopangira sopo pamodzi ndi sodium silicate, n'kupeza chomata chopanda clinker. Njira yomalizayi inayambidwa ndi Viktor Glukhovsky ku Kyiv m'zaka za m'ma 1950, ndipo Joseph Davidovits wa ku France anaipatsa dzina loti geopolymer m'zaka za m'ma 1970.

Kumene zinalimba

Umboni woti zowonjezera zabwino zimakhalitsa ulipo wambiri. Damu la Hungry Horse ku America, lomwe linatha kumangidwa mu 1953, linamangidwa ndi konkire yosakaniza ndi phulusa louluka ndipo likugwirabe ntchito. Ku Netherlands, dziko lolimbana ndi madzi a m'nyanja yamchere, akhala akumanga madoko ndi makoma otchinga madzi ndi simenti ya slag wambiri, chifukwa konkire yake silola mchere kulowa msanga. Bwalo la ndege la Wellcamp ku Australia, lomwe linatsegulidwa mu 2014, linamangidwa ndi konkire ya geopolymer yopangidwa ndi slag ndi phulusa louluka.

Wamalonda aone chinthu chimodzi pa zitsanzo zonsezi. Zonse zinagwiritsa ntchito slag kapena phulusa loyezedwa, losakanizidwa pa sikelo ya fakitale, moyang'aniridwa ndi akatswiri. Zomata zochokera ku matope a m'migodi zikadali zatsopano, zambiri zikuyesedwabe m'malabotale, ndipo zotsatira za mgodi umodzi sizinena kanthu za mgodi wina chifukwa miyala imasiyana. Ngakhale pa mgodi womwewo, chimulu cha chaka chino chitha kusiyana ndi cha chaka chatha.

Kumene zinagwetsa nyumba

Chitsanzo chofunika kwambiri kwa woumba mabuloko chikuchokera ku Cornwall, chigawo cha migodi ya tini ndi kopa ku England. Kuyambira cha m'ma 1900 mpaka cha m'ma 1950, oumba mabuloko kumeneko ankatenga zotsala za kumigodi chifukwa zinali pafupi ndiponso zotsika mtengo. Mabulokowo ankaoneka abwino ndipo nyumba zinamangidwa zambiri. Patapita zaka, makoma anayamba kung'ambika ndi kufumbutuka. Vutoli limadziwika ndi dzina loti mundic, ndipo mpaka lero mabanki kumeneko amafuna kuti nyumba za nthawi imeneyo ziyambe zabooledwa n'kuyezedwa asanapereke ngongole yogulira. Nyumba yolephera mayeso imagwa mtengo ngakhale ikadali chiimire.

Chinayambitsa zonsezi ndi mwala wa pyrite, wonyezimira ngati golide, wopangidwa ndi chitsulo ndi sulufule. Uli pansi panthaka suvuta. Ukaphwanyidwa n'kukumana ndi mpweya ndi chinyezi, umachita dzimbiri n'kutulutsa asidi. Asidiyo ndi mchere wake amadya guluu wa simenti, n'kupanga zinthu zotupa m'kati mwa buloko mpaka litaphulika pang'onopang'ono. Mwala umenewu umapezeka kawirikawiri limodzi ndi malasha amiyala, kopa ndi golide.

Zoterezi si zakale zokha. Ku Donegal m'dziko la Ireland, nyumba zikwizikwi zomangidwa posachedwapa zinayamba kung'ambika chifukwa cha mabuloko oumbidwa ndi miyala yosayenera, ndipo ofufuza analoza chala pyrrhotite, m'bale wake wa pyrite. Mu 2021 eni nyumba anachita zionetsero zazikulu ku Dublin kufuna chipukuta misozi. Miyala ya kumeneko inali ya kukwale, osati ya ku mgodi, koma matenda ake ndi omwewo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Buloko lotere limapambana mayeso onse a sabata yoyamba, n'kudzagwa patapita zaka khumi kapena makumi awiri, woumba ataiwala kale tsiku lomwe analigulitsa.

Adani a khoma ku Chiputula

Pafupifupi matenda onse a konkire amayenda ndi madzi, ndipo Mzuzu ndi mzinda wa madzi. Mvula imagwa nthawi yaitali kuposa kumwera, nthawi zina mpaka April kapena May, kenaka pamabwera mawawa ndi nkhungu za nyengo yozizira. Mvula ya April 2016 inagwetsa nyumba zambiri m'malokeshoni a mzindawu. Nyumba zomangidwa m'malo otsika kufupi ndi madambo zimakhala ndi maziko onyowa miyezi yambiri pachaka. Chowonjezera chomwe chingapirire ku Karonga kotentha ndi kouma chitha kulephera msanga ku Chiputula.

Mdani woyamba ndi chinyezi chokwera kuchokera pansi. Buloko lokhala ndi timabowo tambiri limayamwa madzi ngati chingwe cha nyali. Madziwo amakwera ndi mchere, n'kuusiya pankhope ya khoma ngati ufa woyera, ndipo pulasitala amayamba kutupa ndi kugwa. Zomata za soda wowotcha zimadziwika ndi vuto la ufa woyerawu ngati muyezo wa mankhwala sunakhale bwino.

Mdani wachiwiri ndi kuzizira. Simenti imagwira msanga kukatentha ndipo imachedwa kukazizira. Zowonjezera, zomwe ndi zochedwa kale, zimachedwa koposa m'miyezi ya June ndi July. Geopolymer wa phulusa lokhalokha nthawi zambiri amafuna kutenthetsedwa kuti alimbe bwino. Woumba wozolowera kukweza mabuloko pa lole atatha masiku ochepa adzawerenga zibenthu.

Mdani wachitatu ndi dzimbiri la zitsulo za m'kati. Laimu wotsalira m'konkire ndiye amateteza zitsulo kuti zisachite dzimbiri. Mpweya wa kunja umalowa pang'onopang'ono n'kumamutha laimuyo. Popeza pozzolana amadya kale gawo la laimu ameneyu, konkire yosakaniza ikapanda kuthiriridwa mokwanira imalola mpweya kufika pa chitsulo msanga. Chitsulo chikachita dzimbiri chimatupa n'kung'amba konkire. Choncho pa mizati, pa lintolo ndi pa silabu ya chimbudzi chokumba si malo oyeserapo zinthu zatsopano.

Zotsala zosayenera kuzikhudza

Pali zotsala zina zomwe vuto lake ndi moyo wa anthu, ngakhale khomalo litalimba. Ku Kabwe m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu ndi zinki unatsekedwa mu 1994, koma fumbi la zotsala zake likudwalitsabe ana mpaka lero. Ku Grand Junction m'chigawo cha Colorado ku America, anthu ankatenga mchenga wotsala poyenga yureniyamu n'kumangira nyumba m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, ndipo pambuyo pake boma linachita kukumba pansi pa nyumba zikwizikwi kuti lichotse mchengawo chifukwa cha mpweya woyambitsa khansa ya m'mapapo. Malawi ali ndi mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga, womwe unatsegulidwa mu 2009. Zotsala za mgodi wamtunduwu zimasungidwa motsatira malamulo apadera ndipo si zomangira. Chimodzimodzinso matope otsala kumene anthu amasuluza golide pogwiritsa ntchito mankhwala a mercury. Wamalonda asagule ufa kapena mchenga wa ku mgodi umene wogulitsa akulephera kunena komwe wachokera.

Soda wowotcha nayenso si woseweretsa. Amawotcha khungu ndipo akagwera m'maso atha kuchititsa khungu losaonanso. Pabwalo loumbira mabuloko pomwe anyamata amaponda matope ndi mapazi osavala, ana n'kumadutsa, mankhwalawa alibe malo. Komanso amachokera kunja ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja zomwezo zimene zikudulitsa simenti.

Kuwerenga thumba

Mfundo imene ambiri saidziwa ndi yoti simenti yambiri ya m'mahadiweya ndi yosakaniza kale. Zolembedwa pathumba zimanena zonse. CEM I ndi simenti ya clinker pafupifupi yokhayokha. CEM II ili ndi zowonjezera zofika mpaka 35 pa 100 alionse, kaya ndi njereza yopera, phulusa, slag kapena pozzolana. CEM III ndi ya slag wambiri, ndipo CEM IV ndi ya pozzolana wambiri. Nambala ya 32.5 kapena 42.5 imanena mphamvu yomwe simentiyo imayenera kufika pakatha masiku 28. Chilembo cha N chimatanthauza kuti imalimba mwa masiku onse, pamene R imalimba msanga m'masiku oyambirira. Palinso simenti yopangidwira pulasitala ndi kumangira njerwa yokha, ya nambala yotsika monga 22.5, yomwe siyenera kulowa m'konkire yonyamula katundu.

Tanthauzo lake kwa woumba ndi lalikulu. Akagula CEM II ya 32.5, fakitale inathiramo kale zowonjezera mpaka pomwe inaona kuti mphamvu ikukwanabe. Iye akawonjezeranso phulusa lake, wasungunula chosungunula kale, ndipo laimu woti adzutse phulusa lachiwirilo ndi wochepa. Njira yodalirika yopezera phindu la zowonjezera ndi kugula simenti yosakaniza kufakitale, yokhala ndi chidindo cha bungwe la Malawi Bureau of Standards, n'kuigwiritsa ntchito pa ntchito yoyenera nambala yake.

Mwini hadiweya nayenso ali ndi mbali yake. Simenti ikasowa, pamatuluka matumba osokedwanso, opepuka kapena osakanizidwa ndi dasiti ndi phulusa. Popikula ayike matumba angapo pa sikelo, aone msoko wa pakamwa pa thumba, aone tsiku lopangidwa, ndipo atenge lisiti. Posunga, matumba akhale pa matabwa, asagunde khoma, asapitirire khumi pa mulu umodzi, ndipo olowa poyamba atuluke poyamba. M'chinyezi cha Mzuzu simenti yokhala m'shopu kupitirira miyezi itatu imakhala itayamba kutha mphamvu. Zibuma zosaphwanyika ndi zala ndi chizindikiro choti yamwa kale madzi.

Mayeso a pabwalo

Woumba amene wapatsidwa chowonjezera chatsopano asayambe ndi oda ya kasitomala. Aumbe mabuloko khumi a muyezo wake wa masiku onse ndi khumi a muyezo watsopano, tsiku limodzi, pa chikombole chimodzi, n'kuwalemba zizindikiro. Onse awaike pamthunzi, awafunditse ndi kuwathirira mofanana. Ena awayese pa tsiku la 7, ena pa tsiku la 28.

Poyamba, agwetse buloko kuchokera m'chiuno pa nthaka yolimba n'kuona lomwe lasweka. Kachiwiri, akande ndi msomali: lolimba limangolembeka, lofooka limayoyoka mchenga. Kachitatu, aligogode ndi chitsulo: labwino limalira mokweza, lofooka limalira mogonthera. Kachinayi, ayeze buloko louma pa sikelo, aliviike m'madzi tsiku lathunthu, alipukute n'kuliyezanso. Lomwe lalemera kwambiri kuposa linzake ndi lomwe lidzamwe mvula yambiri pakhoma. Kachisanu, aviike ndi kuyanika mobwerezabwereza kwa milungu ingapo, akuyang'ana ming'alu, ufa woyera ndi madontho a dzimbiri.

Chowonjezera chokha atha kuchiyesa poumba kachikate kopyapyala ka simenti yosakanizayo, kukasiya ponyowa tsiku limodzi, kenaka kukawiritsa m'poto maola angapo. Kakang'ambika kapena kupindika, muli zinthu zotupa. Mchenga ndi dasiti aziyese m'botolo: athiremo madzi, akhutchumule, n'kusiya kuti zidikhe. Matope okhala pamwamba akakhala ochindikala, mchengawo udya simenti yambiri.

Mayeso amenewa amagwira buloko lofooka, koma sagwira pyrite, mtovu kapena yureniyamu. Zimenezo zimaoneka mu labotale yokha. Amene akufuna kuchita malonda aakulu ndi zotsala za ku mgodi ayambe watengera zitsanzo kwa a Malawi Bureau of Standards kapena kwa akatswiri a zomangamanga a kusukulu zaukachenjede monga MUBAS, ndipo zotsatira zake azisunge polembedwa. Safunsa anadya phula.

Masamu a mpamba

Phindu la chowonjezera liwerengedwe mpaka kumapeto. Mwachitsanzo, woumba wina amatulutsa mabuloko 30 pa thumba ndipo limodzi limasweka panjira, n'kugulitsa 29. Mnzake wathira phulusa, watulutsa 40, koma asanu ndi limodzi asweka pokweza ndi potsitsa, n'kugulitsa 34. Pa matumba 20, wachiwiriyu wapambana ndi mabuloko 100. Pamenepo achotsepo mtengo wonyamulira phulusalo, wolisefa, ndi wa madzi othirira masiku owonjezera. Kenaka kasitomala mmodzi akabweza lole ya mabuloko 500, phindu la maulendo asanu lapita tsiku limodzi.

Palinso nkhani ya nthawi. Ngati mabuloko a masiku onse amatuluka pabwalo pakatha masiku 14, ndipo osakaniza akufunika masiku 28, ndiye kuti mpamba womwewo ukuzungulira kamodzi pamwezi m'malo mwa kawiri, ndipo bwalo likufunika lalikulu kawiri. Kwa amene mpamba wake ndi wa ku banki mkhonde, chiwongoladzanja sichidikira kuti buloko lilimbe.

Chachikulu koposa ndi dzina. Ku Chiputula omanga nyumba amadziwana, ndipo mmisiri akaona khoma likuyoyoka amanena kumene mabuloko anagulidwa. Msika wa mabuloko ukukula. Mu 2018 panakhazikitsidwa malamulo a bungwe la National Construction Industry Council ofuna kuti ntchito zomanga za boma, za mabungwe ndi zikuluzikulu zamalonda zisiye njerwa zowotcha ndi nkhuni, ndipo ogula a ntchito zoterezi amatha kufunsa umboni wa kulimba kwa katundu asanalipire. Woumba wokhala ndi mapepala a mayeso ndi makoma akale oti n'kuloza ndiye amapeza maoda amenewa.

Zoyenera kukumbukira

Dasiti wa kukwale alowe m'malo mwa gawo la mchenga, osati la simenti. Zowonjezera zimene zasonyeza kukhalitsa ndi slag wozizira mwadzidzidzi, phulusa louluka ndi pozzolana, zoyezedwa ndi kusakanizidwa kufakitale. Simenti iliyonse yosakaniza ithiriridwe masiku osachepera asanu ndi awiri, ndipo kukazizira masikuwo awonjezeke. Mwala wonyezimira ngati golide, wonunkha sulufule kapena wosiya dzimbiri ukanyowa usalowe m'chikombole. Zoyesera zatsopano ziyambire pa zinthu zosanyamula katundu monga timiyala ta pabwalo, khonde kapena kakhoma kakafupi ka dimba, ndipo wogula auzidwe chimene akugula.

Woumba wanzeru amamanga kakhoma kake koyesera kuseri kwa bwalo, pamalo onyowa kwambiri, n'kulembapo tsiku ndi muyezo wa chilichonse chomwe chinalowamo. Kakhomako kakadutsa mvula ziwiri za Mzuzu kosang'ambika, kosayoyoka ndi kosachita dzimbiri, ndiye kuti wapeza poyambira kukambirana ndi akatswiri a labotale. Kakalephera, wataya thumba limodzi la simenti, ndipo makasitomala ake onse akadali naye.